Mbalame za Chaucer ndi Tsiku la Valentine

Pa 14 February masitolo amafiira ndi maluwa ndi makadi, ndipo ine zimandisangalatsa. Komatu Valentine mwiniwakeyo sankadziwika ndi za zibwenzi. Anali Mkhristu amene anaphedwa ku Rome m'zaka za m'ma 200, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 mpingo unkangomukumbukira monga wofera chikhulupiriro.

Chikondi chinalowereramo ku England cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pamene mlakatuli Geoffrey Chaucer analemba za mbalame zimene zinasonkhana pa tsiku la Valentine kuti iliyonse isankhe mnzake womanga naye chisa. Mbali imeneyi ndi imene imandigwira mtima: mwambowu unakula ndi mawu, osati ndi ndalama. Anthu apamwamba anayamba kulemberana makalata achikondi, ndipo mtengo wotumizira kalata utatsika ku Britain mu 1840, makadi osindikiza anafika kwa aliyense. Mpaka lero ndimaona kuti kalata yolemba pamanja imaposa mphatso yodula.

Kamwana kamapiko konyamula uta kamene timakaona pa makadiwa ndi Cupid, mulungu wa Aroma, ndipo duwa la rozi linali la mayi ake, Venus.

Mwambowu unafikanso kutali: ku Japan akazi ndiwo amapereka chokoleti pa tsiku la Valentine, amuna n'kudzabweza pa 14 March.