MPOPI NDI CHUMA CHA ANTHU ONSE

Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Pofuna kupewa matenda otere, anthu ena a m'tauni amadalira madzi a m'mabotolo. Komatu botolo limathetsa ludzu la munthu mmodzi amene ali ndi ndalama. Kuphika, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana kumadalirabe madzi a pampopi.

Madzi ameneŵa amayenda ulendo wautali. Ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, pamene a ku Lilongwe amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama ndi kusungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu. Asanatumizidwe kwa anthu amasefedwa ndi kuthiridwa mankhwala a klorini opha tizilombo.

Ngozi imadza m'njira. Paipi ikabooka, kapena munthu akaidula pofuna kuba madzi, choopsa sichioneka pamene madzi akuthamanga. Koma madzi akasiya kutuluka, paipiyo imayamwa zithaphwi, ndipo ngati pafupi pali chimbudzi kapena ngalande, zonyansazo zimakatulukira pampopi wa anthu osalakwa. Choncho aliyense woona paipi ikudontha akanene msanga ku bungwe loona za madzi, ndipo pasakhale wokumba chimbudzi kapena dzenje la zinyalala pafupi ndi paipi. Pakhomo, madzi asungidwe m'ndowa yoyera yovundikira, ndipo azitungidwa ndi kapu imodzi yokhala ndi chogwirira. Akatuluka amatope, adikhe kaye, kenaka aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini.

Botolo nalo lili ndi zovuta zake. M'misika ndi m'madepoti ena, mabotolo otoledwa m'zinyalala amadzazidwanso madzi osadziŵika kumene atungidwa. Wogula aonetsetse kuti chitsekerero sichinatsegulidwepo ndiponso kuti pali chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards. Botolo lotayidwa siliola. Limatseka ngalande, madzi a mvula n'kuima, udzudzu n'kupeza poswanira.

Ngakhale banja lomwa madzi ogula limadya ndiwo zotsukidwa ndi madzi a pampopi, ndipo ana ake amamwa pampopi wa kusukulu. Paipi imodzi yosasamalidwa ikhoza kudwalitsa wolemera ndi wosauka yemwe.