Agouti: kanyama kamene kamadzala mitengo ya mtedza wa ku Brazil

Nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, m'masitolo a ku London, Johannesburg ndi New York mumadzaza mtedza wa mitundumitundu. Pakati pake pamakhala wina waukulu, wamafuta ambiri, umene pa paketi amalemba kuti Brazil nuts. Ambiri a ife timaugula, koma kodi mukudziwa kuti mitengo yake imadzalidwa ndi kanyama kakutchire?

Kanyamaka dzina lake ndi agouti. Kamapezeka kuyambira kum'mwera kwa Mexico mpaka kumpoto kwa Argentina, komanso pa zilumba zina monga Trinidad. Maonekedwe ake ali ngati mbira yoweta, koma ndi kokulirapo, kamiyendo italiitali, ndipo mchira wake suoneka n'komwe. Kamalemera makilogalamu apakati pa 2 ndi 6. Kamayenda masana, ndipo pakudya kamakhala tsonga n'kugwira chakudya ndi miyendo yakutsogolo. Bere lake limatenga miyezi itatu ndi masiku, ndipo kawirikawiri kamaswa mwana mmodzi kapena awiri, amene amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsekula.

Abale ake ndi mbira ija, paca, ndiponso capybara, chinyama chimene chimatha kupitirira makilogalamu 50. Chodabwitsa n'chakuti mtundu umenewu uli pa chibale ndi ntchenzi ndi nungu za kwathu. Akatswiri a sayansi amati makolo a nyamazi anachokera ku Africa zaka pafupifupi 40 miliyoni zapitazo, mwina atakwera pa zinyalala za mitengo zoyandama pa nyanja ya Atlantic.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Agouti alibe ukali wa mkango kapena kukongola kwa mbidzi, koma mano ake ndi sompho. Mtengo wa mtedza uja umatalika mpaka mamita 50 ndipo umatha kukhala zaka zoposa 500. Chipatso chake chili ngati dzaye lalikulu, cholimba gwa, cholemera mpaka makilogalamu 2, ndipo m'kati mwake mumakhala njere 10 mpaka 25. Chikagwa pansi sichisweka. Nyama zimene zingachiboole n'zochepa kwambiri, ndipo katswiri wake ndi agouti.

Akaboola amadya njere zingapo, zotsalazo n'kuzikwirira imodziimodzi m'malo osiyanasiyana kuti adzadye nthawi ya njala. Nkhokwe yake ndi nthaka ya nkhalango yonse. Njere zina amaziiwala, pena iye amagwidwa ndi nyama zolusa monga ocelot asanazifukule. Njere zoterozo ndi zimene zimamera. Mtengowu subereka bwino m'minda chifukwa maluwa ake amadalira njuchi zikuluzikulu za m'nkhalango, choncho pafupifupi mtedza wonse wa m'masitolo umatoledwa kutchire ku Bolivia, Brazil ndi Peru. Mabanja zikwizikwi amapeza ndalama ndi ntchito yotola imeneyi.

Tinyamati timaberananso. Mu 2012, Patrick Jansen ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama, kumene anamangirira tizipangizo ta wayilesi ku njere za mtundu wina wa kanjedza. Anaona kuti agouti wina akakwirira njere, mnzake amadzaifukula n'kukaibisa kwina. Njere ina inasamutsidwa maulendo 36, ndipo pafupifupi njere imodzi mwa zitatu zilizonse inafika mtunda woposa mamita 100. Umbava umenewu umathandiza mtengo, pakuti mbewu yomera kutali ndi mayi wake imapewa tizilombo tochuluka patsinde pake.

Vuto n'lakuti nyama ya agouti ndi ndiwo yokoma, ndipo alenje amaisaka kwambiri. Kwinaku nkhalango zikugwetsedwa kuti papezeke malo a ng'ombe ndi minda. Bungwe la IUCN linaika agouti wa ku Mexico m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo wa pa chilumba cha Roatán ku Honduras nayenso ali pa ngozi. Mu 1992, Kent Redford anachenjeza kuti nkhalango ikhoza kuoneka yobiriwira bwinobwino pamene nyama zake zinatha kale. Nkhalango yotero imafa mwakachetechete, chifukwa mitengo yakale ikamagwa palibe yolowa m'malo.

Kutola mopyola muyeso nakonso kuli ndi zovuta zake. Mu 2003, Carlos Peres ndi anzake atayendera malo 23 ku Brazil, Peru ndi Bolivia, anapeza kuti kumene anthu akhala akutola mtedza wambiri kwa zaka zochuluka, mitengo yaing'ono inali yosowa. Anthu akasesa zonse, wodzala uja amasowa mbewu.

Komabe chiyembekezo chilipo. Dziko la Trinidad and Tobago linaletsa ulenje kwa zaka ziwiri kuyambira mu 2013, ndipo ku University of the West Indies kwachitika kafukufuku wa kawetedwe ka agouti kuti anthu apeze ndiwo osapulula za kutchire. Ku Rio de Janeiro, m'nkhalango ya Tijuca mmene tinyamati tinali titatha, akatswiri anatibwezeramo cha m'ma 2010. Tinaswana, ndipo tinayambanso kukwirira njere zimene kale zinkangowolera pansi.

Kwa ana athu amene ali pa sukulu, phunziro ndi ili: kusamala nkhalango si kuteteza mitengo yokha ayi, koma ndi zonse zoyenda pansi pake. Makolo, mukadzagula mtedzawu chaka chino, afotokozereni ana za mlimi wake, m'bale wa ntchenzi wa kutsidya kwa nyanja.