Dzimbiri lomwe lidaphetsa asilikali ku Vietnam

Msilikali amadalira mfuti yake kuti abwerere kwawo wamoyo. Koma m'zaka za m'ma 1960, mfuti yatsopano ya M16 idawagwiritsa fuwa lamoto asilikali a dziko la America pankhondo ya ku Vietnam.

Nkhondo ili mkati, chigoba cha chipolopolo chinkatsakamira mumpope, mfuti n'kusiya kulira. Ena adapezeka atafa, mfuti zokanika kuomba zili pambali pawo.

Vuto lidali lotani? Chinyezi cha m'nkhalango za kumeneko chinkadyetsa dzimbiri m'kati mwa mpope, pomwe onga watsopano unkasiya mwaye wambiri. Komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Richard Ichord idafufuza nkhaniyi mu 1967.

Opanga mfutiyi adayamba kukuta malo okhala chipolopolo ndi chitsulo cha chrome, chomwe sichichita dzimbiri, kenaka mpope wonse. Mfuti za AK za ku Soviet Union zidali kale ndi luso limeneli.

Masiku ano makampani ena amakulunga mpope wopyapyala ndi carbon fibre kuti mfuti ipepuke. Komabe chrome, ngakhale ndi yopyapyala kuposa tsitsi, ikadatetezabe mipope ya mfuti zambiri za asilikali.