Jekeseni wa Tsiku ndi Tsiku kwa Mchikumbe Wodwala Shuga

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe

 Lero tiyambe taika pambali za mizere ndi manyowa, tikambe za nthenda ya shuga ya mtundu woyamba, imene ikonda kugwira ana ndi achinyamata. Ndailowera nkhaniyi ine mlangizi pakuti khasu, nsima ndi miyezi ya njala zili m'kati mwake.

Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa pancreas, chimene chipanga insulini. Insuliniyo ndiye atsegulira shuga wa m'chakudya njira kuti achoke m'magazi, alowe m'minofu ndi kusanduka mphamvu. Chiwalochi chikaleka kupanga insulini, munthu amva ludzu losatha, akodza pafupipafupi, naonda ngakhale akudya. Nthendayi sipatsirana, sichokera kwa mfiti, ndipo sidza chifukwa chotafuna nzimbe zambiri. Kale odwala otere sanali kukhalitsa, kufikira pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto mu 1921. Mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, ndiye anayamba kubayidwa mankhwalawa, nakhala ndi moyo zaka 13 zina.

Insulini samwa ai, chifukwa chifu chimgaya monga chigaya nyama. Ayenera kulowera pansi pa khungu. M'maiko olemera ambiri avala pampu, kamakina kokwana m'thumba kamene kadontheza insulini usana ndi usiku kupyolera m'kapaipi. Pampuyo ndi yabwino, koma mtengo wake ngwaukulu, ifuna mabatire, ndipo kapaipi asintha masiku awiri kapena atatu alionse. Kakatsekeka, munthu angathe kudwala kwambiri pa maola ochepa, pakuti pampu igwira ndi insulini wosakhalitsa m'thupi yekha. Kwa munthu wokhala mtunda wa tsiku lathunthu kuchokera kuchipatala, ine ndiona kuti jekeseni ndiye wodalirika. Kholo lisadandaule kuti mwana walo wamanidwa moyo posowa pampu.

Ena abaya kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, insulini wosakaniza. Ena abaya wokhalitsa kamodzi kapena kawiri, naonjeza wofulumira asanadye. Muyezo wake atchula ndi adotolo. Pobaya ndi pamimba kapena pantchafu, ndipo musinthesinthe malo monga tichita ndi kasinthasintha wa mbewu, pakuti pobayidwa kawirikawiri patupa pauma, ndipo mankhwala salowa bwino.

Tsono nayi mfundo ya ife achikumbe. Insulini akalowa m'thupi sabwerera, ayembekeza chakudya. Khasu nalonso litsitsa shuga. Munthu akabaya m'mamawa nalawirira kumunda osadya kanthu, monga tizolowera pa nthawi yogalauza ndi yopalira, wakumanitsa zotsitsa shuga ziwiri m'mimba mopanda kanthu. Ayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kulankhula zosokonezeka, mwina kugwa mumzere. Anzake ayesa waledzera, namseka. Ali nako kachida koyezera magazi aona nambala yochepera 70. Wotere mpatseni msanga masipuni ang'ono atatu a shuga m'madzi, kapena uchi. Pakapita mphindi 15 asanatsitsimuke mpatseninso, kenaka adye phala kapena mbatata. Ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali ndi kuthamanga naye kuchipatala. Chifukwa chake wodwala adye asanagwire khasu, atenge shuga m'kachitini popita kumunda, ndipo asalime yekha kutali. Dziwaninso kuti ntchito yolemetsa ya masana ingathe kutsitsa shuga usiku ali mtulo, ndipo kachasu achita chimodzimodzi. Nyengo yolima ikayandikira, kauzeni adotolo kuti aonenso muyezo.

Banja lokhala ndi wodwala otere lisagulitse chimanga chonse pokolola. Mu Januwale ndi Febuluwale ena adya kamodzi pa tsiku, koma wobaya insulini sangatero. Ngakhale adwale malungo nakana chakudya, asaleke jekeseni mwa yekha. Azimwa madzi ndi phala lamadzimadzi, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka akayamba kusanza.

Za kusunga. Botolo losatsegula lifuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma lisaundane. Lotsegula likhala pafupifupi milungu inai popanda firiji. Mu 2021 akatswiri a University of Geneva pamodzi ndi a Médecins Sans Frontières anaonetsa kuti insulini sanathe mphamvu pa milungu inai, ali pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, konga kwa ku msasa wa Dagahaley ku Kenya. Komabe dzuwa ndi moto zimuononga. Ikani botolo m'kachitini kouma, kachitiniko m'kamphika kadothi, kamphikako mumphika waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, ndi kuika pamthunzi popita mphepo. Singano zotha ntchito zisonkhanitsidwe m'chitini chovundikira, zibwerere kuchipatala.

Inu mafumu, dziwani nyumba za m'mudzi mwanu zimene muli wobaya insulini. Pamaliro ndi pa ntchito ya mudzi, pamene nsima ichedwa, wotere alandire chakudya msanga. Mvula isanadule milatho, onani kuti wapeza njinga yokatengera insulini ndi singano zokwanira.