Maingano: Kansomba Kathu ka pa Likoma

Ku Mexico kuli kanyama ka m'madzi kotchedwa axolotl, kamene mwendo wake ukaduka umameranso. Anthu ambiri amakaweta m'nyumba, koma kwao m'ngalande za Xochimilco katsala pang'ono kutha. Nafenso kuno ku Likoma tili ndi nkhani yotereyi.

M'miyala ya m'mphepete mwa chilumba chathu muli kansomba ka mtundu wa mbuna kamene oweta nsomba amakatcha maingano, kutengera dzina la malo a konkuno. Nkabuluu wodera, ka mizere yowala yochokera kumutu mpaka kumchira, ndipo sikapitirira masentimita 10. M'chilengedwe sikapezeka kwina kulikonse, pakuti mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Moyo wake wonse ndi wa pamiyala pomwepo.

Kaberekedwe kake nkodabwitsa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya, kufikira tiana titatha kusambira tokha. Tsono munthu akagwira mayi mmodzi ndiye kuti watenga banja lonse. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika kansombaka m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yakutha, ndipo china chodzetsa vutoli ndi kugwidwa kwake kuti kakagulitsidwe kunja.

Nchifukwa chake tikuti ndi bwino kukajambula kusiyana ndi kukagwira. Foni yokha ikwanira mukaiika m'kathumba kosalowa madzi. Yambani mwayesa kathumbako poviika muli pepala. Likatuluka louma, ikanimo foni. Pitani m'mawa nyanja ili bata, makamaka mwera ukaleka, chifukwa mafunde amavundula madzi. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Khalani posaya, pakuti mukamapita pansi kuwala kumachepa ndipo mitundu imazilala.

Musathamangitse nsomba. Gwirani mwala, mudekhe. Yaimuna imateteza malo ake ndipo ibwerera yokha. Ikafika pafupi, jambulani kangapo. Musagubuduze miyala kapena kuponya buledi. Pewani malo a mabango poopa likodzo, ndipo ana asalowe m'madzi popanda wamkulu.

Makolo anzathu, tiyeni tiwaonetse ana zithunzizi ndi kuwauza dzina la kansombaka. Kakadzatha pa Likoma, palibenso nyanja ina kumene tingakakatenge.