Kodi mumadziwa kuti ndege zinkatera pa Nyanja ya Malawi?

Mu 1949 ndi 1950, ndege zikuluzikulu za BOAC zotchedwa Short Solent zinkatera pamadzi ku Cape Maclear, pochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Kumimba kwake zinali ngati bwato, ndipo kapangidwe kake kanachokera ku ndege zankhondo za Sunderland.

Zinzake za ku America, za Martin Mars, zitapuma ntchito yausilikali zinagulidwa mu 1959 kuti zizizimitsa moto wa m'nkhalango ku Canada. Imodzi inkatunga madzi okwana malita 27,000 ikuthamanga pamwamba pa nyanja, mphindi imodzi isanathe!

Kuno ku Phalula, moto wolusa wa m'chilimwe timalimbana nawo ndi nthambi zaziwisi basi. Chonde, tisamatenthe tchire posaka mbewa.