Mtengo wa pakhomo ukufuna mmisiri, osati aliyense wogwira chikwanje

Usiku wina mu Januwale, mvula ikukhuthuka, tinamva chiphokoso kuseri kwa nyumba ngati galimoto yawomba mpanda. Magetsi anaphethira kawiri n'kuzimiratu. Titatuluka ndi matochi a pafoni tinapeza chinthambi cha malaina, chonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, chitagona padenga la aneba. Malata atatu anali atapindika, waya wa magetsi wolowa m'nyumba mwawo uli lende. Chipinda chomwe chinthambicho chinagwera ndi chomwe amagona ana awo awiri. Palibe anavulala, koma usiku umenewo palibenso anagona.

M'mawa mwake nkhani inali pampanda. Alandilodi athu, mayi wachikulire wosakonda zokangana, ankangobwereza mawu amodzimodzi: "Aneba, mtengo umenewu ndinaudulitsa ine, zaka zitatu sizinakwane n'komwe." Sankanama ayi. Ndinalipo tsiku lomwe anyamata awiri anakwera mtengowo ndi zikwanje, opanda nsapato, n'kuumeta mutu wonse mpaka kutsala thunthu lokhalokha ngati polo ya Escom. Tonse tinawayamikira kuti agwira ntchito yooneka.

Chomwe sitinkadziwa n'chakuti nthambi yomwe inagwera aneba inabadwa tsiku lomwelo.

Mtengo ukadulidwa mutu wonse umakhala wataya masamba omwe amaupangira chakudya. Pofuna kudzipulumutsa, umatulutsa mphukira zambirimbiri m'mphepete mwa bala, ndipo zimakula mothamanga kwambiri, makamaka pa malaina, bulugamu ndi keshya. Pakangotha mvula ziwiri kapena zitatu mtengo uja wabwerera msinkhu wake wakale. Koma nthambi zatsopanozi sizifanana ndi zakale. Nthambi yomwe yakula limodzi ndi mtengo imakhala yolukana ndi thunthu mpaka mkati. Mphukira ya pabala imangogwira kunja, pafupi ndi khungwa, ndipo pomwe yagwirapo ndi pomwe madzi a mvula akhala akulowa n'kumaoletsa mtengo. Ndiye taganizani: nthambi yaitali, yolemera ndi masamba onyowa, itamera pa thabwa lofumbwa. Mphepo ya Januwale siichedwa nayo.

Kumeta mitengo mpala kotereku n'komwe kwafala m'matauni mwathu. Yendani m'Lilongwe, m'Blantyre kapena ku Mzuzu mwezi wa Okutobala, muona zitsa zazitalizitali m'mipanda ya nyumba, m'masukulu, m'matchalitchi ngakhalenso m'malo ogona alendo momwe mumayembekezera kuti muli anthu odziwa. Mwini malo amaona kuti wathana ndi vuto. Zoona zake wangolisunga kuti lidzabwere litakula.

Kunja kuno kusamalira mitengo ikuluikulu ya pakhomo ndi m'misewu ndi ntchito yomwe munthu amaiphunzira, ndipo woigwira amatchedwa arborist. Bungwe la International Society of Arboriculture, lomwe linayamba mu 1924 ku America, limalembetsa mayeso n'kupereka ziphaso kwa anthu otere. Zambiri zomwe amaphunzitsa pa kadulidwe ka nthambi zinachokera ku kafukufuku wa Alex Shigo, katswiri wa za nkhalango wa ku America komweko, yemwe anang'amba mitengo yambirimbiri pofuna kuona momwe kuola kumayendera mkati mwake. Iye anaonetsa kuti mtengo suchira bala ngati momwe khungu la munthu limachitira. Umangotchinga malo ovulalawo kuti kuola kusafalikire, kenako n'kumera thabwa latsopano pamwamba pake. Bala likakhala laling'ono komanso pamalo oyenera, mtengo umalitseka. Likakhala lalikulu ngati beseni, umalephera, ndipo chiswe ndi nkhungu zimapeza khomo.

N'chifukwa chake mmisiri weniweni sadula paliponse. Mukayang'ana pomwe nthambi yalumikizana ndi thunthu muona kamphete kotupa. Pamenepo ndi pomwe pali mphamvu yotseka bala. Wodziwa amadula kunja pang'ono kwa kampheteko, osakasenga, komanso osasiya kachitsa kotalika koti n'kupachikapo jekete. Nthambi ikakhala yolemera saigwetsa ndi kudula kumodzi. Amayamba wacheka pang'ono kunsi kwake, chapatali ndi thunthu, kenako amacheka pamwamba kutsogolo kwa pomwe anayamba paja kuti nthambi igwe yosasenda khungwa, ndipo pomaliza amachotsa kachitsa kotsalako bwinobwino. Ndi chikwanje zimenezi sizitheka. Chikwanje chimatema moswa, chimasiya bala la mano-mano lomwe limasunga madzi. Pamafunika sowo.

Wodziwa sachotsanso masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pa ulendo umodzi. Ngati mtengo watalika kwambiri amaufupikitsa pobwezera nthambi yaitali pa mphanda pomwe pali inzake yokula kale, kuti imeneyo ipitirize. Akamaliza, munthu wodutsa pamsewu sangadziwe msanga kuti padutsa sowo. Apa ndiye pamavuta kwathu kuno, chifukwa bwana akalipira amafuna aone mulu wa nkhuni pansi ndi dzuwa pabwalo. Mmisiri akachotsa nthambi zisanu zokha, bwana amati waberedwa.

Za kupaka oilo wakutha wa galimoto kapena penti pabala, zisiyeni. Sizithandiza mtengo kutseka bala, ndipo nthawi zina zimangotsekera chinyezi mkati.

Komatu mitengo yambiri yomwe imazuka nthawi ya dzinja vuto lake silikhala kumwamba. Ambirife timaganiza kuti mtengo uli ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi ngati karoti. Mitengo yambiri ikuluikulu mizu yake imayenda cham'mwamba, mosapitirira mita imodzi kuya kwake, ndipo imatambalala kupitirira pomwe nthambi zalekezera. Tsono onani zomwe timachita pa mapuloti athu. Tikufuna mpanda wa njerwa, timakumba maziko pafupi ndi tsinde n'kudula mizu yonse ya mbali imodzi. Tikufuna thanki ya chimbudzi, timadula ya mbali inayo. Kenako timathira simenti bwalo lonse mpaka kukhosi kwa mtengo kuti galimoto iziima pabwino, ndipo zinyalala timaotchera patsinde pomwepo. Mtengo umaoneka wobiriwira ndithu kwa zaka zingapo. Tsiku lomwe nthaka yakhuta madzi, monga tinaonera nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, umangogona wonse ndi mizu yomwe, anthu n'kumati zachitika mwadzidzidzi.

Sizichitika mwadzidzidzi kawirikawiri. Mtengo umachenjeza, kungoti sitiyang'ana. Bowa womera patsinde kapena pathunthu amatanthauza kuti mkati mukuola. Nthaka ikatupa kapena kung'ambika mbali imodzi ya tsinde, mizu yayamba kuzuka. Mtengo womwe unakula chopendekeka kuyambira kale ukhoza kukhala wolimba, koma womwe wayamba kupendekeka chaka chino ndi woopsa. Onaninso mphanda zothinana, pomwe mathunthu awiri akwera mopanikizana ndipo pakati pali mng'alu, chifukwa pamenepo ndi pomwe mtengo umang'ambikira. Nthambi zouma kunsonga, njira za chiswe zokwera thunthu, mphako yomwe mukagogoda ikulira ngati ng'oma, zonsezi mutha kuziona nokha Loweruka m'mawa musanatsegule WhatsApp. Jambulani ndi foni yomweyo, mudzafananitse pakatha miyezi itatu.

Pali munthu wina yemwe sitimuwerengera pa nkhani yonseyi: wokwera mumtengo uja. Nthawi zambiri ndi mnyamata wa msinkhu wathu, waganyu, yemwe wavomera ntchitoyo chifukwa kunyumba kulibe ufa. Alibe chingwe chomumangirira, alibe chipewa cholimba, ndipo ngati wabwereka makina odulira mitengo, mwina waphunzira kuwaliza dzulo lake. Makina amenewa nsonga yake ikagunda chinthu amadumpha kubwerera kumaso kwa wowagwira mofulumira kuposa momwe dzanja lingawaletsere. Pansi munthu amatha kuwagwira ndi manja awiri ataponda bwino. M'mwamba, mwendo umodzi uli pa nthambi yoterera, ndi nkhani ina. Akagwa, mwini nyumba amapereka ya thiransipoti yopitira kuchipatala, mwina ndi kena kake ka sopo, nkhani n'kuthera pomwepo. Msana wothyoka umapita kukasamalidwa kumudzi.

Magetsi ndiye sakambirana. Waya wolowa m'nyumba umanyamula mavoti 230, okwanira kupha munthu. Mawaya a pamwamba omwe amadutsa m'malokeshoni kupita ku mathiransifoma amanyamula 11,000 kapena 33,000, ndipo pa mphamvu imeneyi simufunika kuwagwira: magetsi amatha kudumpha mukangoyandikira kwambiri, ndipo nthambi yaiwisi imawapititsa mpaka kwa munthu woigwira. Ngati nthambi zafika pa mawaya, imeneyo si ntchito ya waganyu, ngakhale atalumbira kuti wakhala akuchita zimenezi kuyambira ali mwana. Kauzeni a Escom. Inde, mwina muyenda kangapo asanabwere, tonse tikudziwa, koma kudikira kumeneko n'kotchipa kuyerekeza ndi maliro. Chimodzimodzinso mtengo womwe uli kunja kwa mpanda wanu, m'mbali mwa msewu: si wanu chifukwa choti masamba ake amagwera kwanu, yambani mwafunsa ku khonsolo.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala mu nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amavala magambuti, amagwira khasu, makamera amajambula. N'zabwino. Koma mbande yomwe ikudzalidwa lero mita imodzi kuchokera pakhoma la kalasi, kapena pansi penipeni pa mawaya, ndi mlandu womwe tikusungira anthu a zaka 15 zikubwerazi. Bulugamu ndi wa kumunda kapena kumalire a puloti yaikulu, osati pakati pa nyumba zothinana za ku Ndirande kapena ku Kawale. Maphunziro a za nkhalango tili nawo, ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, ku Mzuzu University ndi ku Luanar. Koma kusamala nkhalango ya paini ku Chikangawa ndi kutsitsa nthambi ya mbawa yomwe ili pamwamba pa denga la munthu ku Zomba ndi maluso awiri osiyana. Lachiwirili likufuna munthu wodziwa mtengo komanso wodziwa zingwe, mfundo zake ndi kulemera kwa chomwe akudula.

Ine ndimaona kuti apa pali ntchito yomwe achinyamata tikuilambalala. Abale athu ambiri omwe ali ku Johannesburg amagwira ntchito za m'magadeni, ndipo ena ali m'magulu odula mitengo, momwe aphunzira kukwera ndi zingwe ndi kutsitsa mtengo chidutswachidutswa pakati pa nyumba popanda kuswa ngakhale galasi limodzi. Luso limenelo likabwera kuno lili ndi msika: masukulu, maofesi, malo ogona alendo, mabwalo a matchalitchi, ndi eni nyumba omwe atopa kugula malata. Chomwe chikusowa ndi makasitomala odziwa kusiyanitsa mmisiri ndi munthu wongokhala ndi makina.

Kusiyanitsako sikovuta. Musanagwirizane za ndalama, mufunseni kuti akuonetseni nthambi zomwe achotse ndi chifukwa chake. Akangoti "timeta wonse, bwana, uphukanso bwino", muthokozeni azipita. Mufunseni kuti nthambi yomwe ili pamwamba pa denga aitsitsa bwanji, ndipo muone zingwezo ndi maso anu. Pemphani zithunzi za ntchito yomwe anagwirapo, makamaka za mtengo womwe anausadza chaka chatha, osati wa dzulo. Mugwirizanenso poyera, ngakhale pa uthenga wa pafoni, kuti chikaphwanyika chinthu alipira ndani, munthu akavulala zikhala bwanji, komanso nkhuni ndi matabwa atenga ndani. Pa nkhuni pomwepa chenjerani. Pali ena omwe amati adula ulere bola atenge mitengoyo. Munthu yemwe malipiro ake ndi nkhuni sangakuuzeni kuti nthambi zitatu zokha n'zokwanira.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi chilimwe, mvula isanayandikire, pomwe makungwa ndi ouma ndipo mphepo ya mkuntho sinayambe. Mango okha ndi omwe amafuna kuwathenera mukangomaliza kuthyola zipatso, kuti apeze nthawi yophukira asanachite maluwa. Ambirife timakumbukira mtengo mu Disembala, mitambo itada kale, n'kuyamba kuthamangitsa aliyense yemwe wapezeka.

Kwathu kuja nkhani inatha mwachibale. Alandilodi anagula malata atatu ndi kulipira kalipentala, aneba anadzilipirira wokonza waya. Kenako kunabwera bambo wina yemwe anagwirapo ntchito imeneyi ku Joni, ali ndi zingwe zake m'chikwama ndi anyamata awiri. Anauzungulira mtengowo, n'kukwera mpaka pomwe anaumetera paja. Atalowetsa dzanja pabalapo anatulutsa zinthu zakuda zonyowa ngati manyowa, mkono wonse unalowa mpaka m'chigongono. Anatsika n'kunena kuti, "Mayi, pano palibenso chosadza. Mukanandiitana musanaumete tikanaupulumutsa."

Anautsitsa tsiku lonse lathunthu, chidutswa chimodzichimodzi, chilichonse chili pachingwe. Alandilodi anadandaula kuti ndalama yake inaposa ya anyamata a zikwanje aja kangapo konse, koma analipira. Pano pabwalo palibe mthunzi, ndipo masana m'chipinda changa mumatentha ngati mu uvuni. Mwezi watha adzala mbande ya mapeyala pakati pa bwalo, atayeza mapazi khumi ndi awiri kuchokera pampanda wa aneba.